Mayi Eluby Mulepa ndi Umboni Umene Tinawachitira

Malemu anabadwa pa 14 Malichi 1971 kuno ku Mbulumbuzi, achitatu m'banja la ana asanu. Sukulu analekeza Sitandade 7 m'chaka cha 1985, kenaka anaphunzira kusoka.

Mu 1992 anakwatiwa ndi Bambo Jeremiah Mulepa. Mu 1996 mwana wawo woyamba anapita padera, ndipo malemu anadwala maganizo miyezi isanu ndi iwiri. Anachira, koma mwana wina sanabwerenso. Bambo Mulepa anatisiya mu 2011.

Mu 2015, akuzonda wodwala ku chipatala cha pa Boma, malemu anaona kamtsikana ka zaka zitatu, Tawina, kamene mayi ake anamwalira m'wodi popanda wachibale wodziwika. Anapita ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu kukapempha kuti akalere. Anauzidwa kuti pafunika kalata ya dokotala, ya apolisi, kuyendera nyumba, komanso umboni wa abale. Anamanga chimbudzi chatsopano, anazira chipinda, nasoka madiresi awiri ang'onoang'ono.

Anamfedwa, apa ndiwerenga pang'onopang'ono, pakuti ine Timoti, mlongo wawo, ndinalipo. Mlangizi wa ku ofesi atabwera, ife abale tinamutengera kuseri kwa nyumba. Tinamuuza kuti mayiwa mutu wawo suyenda bwino, mwana angamupweteke. Tinkadziwa kuti anachira kalekale. Chimene tinkaopa n'chakuti munda wawo wa nandolo ungadzapite kwa mwana wobwera. Pempho lawo linaimitsidwa, ndipo Tawina anapita kunyumba yosungirako ana amasiye ku Limbe.

Malemu anadziwa amene anayankhula. Sanatitengere kubwalo, ndipo pa maliro ndi pa maukwati athu ankabwerabe kudzaphika. Chimene anasiya ndi kukhala pansi akafika pakhomo panga. Ankapereka moni ali chiimire.

Zaka zitatu anayenda akulondola nkhani ya mwanayo. Anakapimidwa kwa madokotala katatu. Amayi a mpingo ndi anzawo achisilamu a pamsika anawalembera umboni umene ife tinawamana. Mwezi ndi mwezi ankakwera minibasi kukaona mwanayo. Pa 9 Ogasiti 2018 khoti linawavomereza kukhala kholo lolera. Tawina anafika ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, madiresi aja atamuchepera.

Malemu anayamba kudwala impso mu Novembala 2024. Amene ankawasambitsa ndi kuwatembenuza pamphasa, asanapite kusukulu, ndi Tawina. Anamwalira Lachiwiri pa 3 Juni 2025, ali ndi zaka 54. Atagonekedwa m'chipatala, ndinapita kawiri m'wodi kuti ndikapepese, ndipo kawiri konse ndinangofunsa za chakudya n'kubwerako.

Malemu asiya mwana mmodzi, Tawina Mulepa, amene mbumba yagwirizana dzulo kuti nyumba ndi munda ndi zake. Asiyanso alongo awiri ndi mng'ono wawo, Mayi Easter, amene akhale ndi mwanayu ngati a ku ofesi atationa oyenera.

Tithokoze mafumu, mpingo, anamwino, adzukulu okumba manda, ndi amayi nonse amene munasaina kalata ya umboni ija. Inu ndi amene munali abale awo.

Achemwali, mwagona tisanagwade pamaso panu. Mzimu wanu uuse mumtendere.