A Ackim Goma, Amene Khasu Lawo Linkatiuza Tsiku Lobzala

Abale, anansi, akulu a mpingo, ndi nonse amene mwayenda mtunda kudzatikhuza, ine ndine Meshack, mng'ono wawo wa malemu. Banja landituma kuti ndiwerenge mbiri yawo.

Malemu Bambo Ackim Goma anabadwa m'chaka cha 1949 kuno ku Kambombo, m'boma la Chama, m'munsi mwa phiri lomwe mukulionalo. Anali oyamba mwa ana asanu a Bambo Hosea Goma ndi Mayi Doris Nyirenda. Sukulu anayamba mu 1958 ndipo analekezera Sitandade 4, chifukwa nthawi yoingitsa mbalame m'mapira ikakwana, bambo athu za sukulu sankazimva.

Mu 1971 anapita kumigodi ku Mufulira. Anagwirako zaka zisanu ndi chimodzi, nabwerera akunena kuti munthu sangakhalitse kumene sakuona thambo. Mu 1978 anamanga ukwati ndi Mayi Damaris Zimba mu mpingo wa CCAP, momwe pambuyo pake anatumikira ngati mkulu wa mpingo kwa zaka makumi awiri.

Ntchito imene tonse tinawadziwa nayo palibe anawalemba. Malemu ankaidziwa mvula. Mtambo ukakhala pamutu pa phiri masiku atatu, nyenje zikalira mpaka kugonthetsa m'khutu, mitondo ikaphuka masamba ofiira, iwo ankatuluka ndi khasu. Mudzi wonse unkadikira khasu limenelo. Ngakhale igwe yodzaza mitsinje, a Goma akapanda kubzala, palibe ankayerekeza kutaya mbewu pansi. Amayi popita kumadzi ankachita kuzungulira njira kuti asuzumire kumunda kwawo. Kwa zaka zoposa makumi atatu sanatiphonyetse.

Zinayamba kusokonekera pang'onopang'ono. Mtambo unkakhala paphiri, mvula osabwera. Nyenje zinkalira mpaka kutopa, ngumbi n'kudzatuluka cha ku Khirisimasi. Mu 2023 zizindikiro zonse zinakwana, malemu anabzala, ife tonse tinatsata. Chimanga chitafika m'chiuno kumwamba kunangoti mbee, mpaka chinauma chili chiimire. Ena anati ndi makala amene tikuotcha kuphiri, ena anati ndi machimo, alangizi a zaulimi anati nyengo yasintha padziko lonse. Enanso, ndipo muli pompano, munati a Goma akalamba maso. Mawu amenewo anawalasa mtima. Anatha miyezi iwiri osakhala pampando wa akulu kutchalitchi, ati akuchita manyazi ndi ana a anthu amene ankagonera mango osapsa.

Chaka chotsatira ndiye anatizunguza mitu. Munda anaugawa patatu. Mbali ina anabzala chimanga ndi mvula yoyamba, ina patapita milungu iwiri, yotsalayo anafesa mapira akale a mayi athu, omwe enafe tinawasiya kalekale. Osuzumira aja anabwerera osadziwa chotsata. Titawafunsa, anayankha kuti iwonso sakudziwa, phiri lasiya kuwauza zoona. Chimanga choyamba chinapsa ndi dzuwa, chachiwiri ndi mapira zinachita bwino. Tinawapempha kuti atiuze chochita, koma anakana, ati chaka chimodzi chimanama, tiwapatse zaka zitatu ayese kaye kusiyana n'kugonetsanso mudzi ndi njala.

Mu Seputembala chaka chino anayamba kutupa miyendo ndi kubanika. Tinawatengera ku chipatala cha Chama, komwe anagonekedwa kawiri. Ali pabedi, aliyense wobwera kudzawazonda ankamufunsa ngati mtambo wakhala paphiri. Anatisiya Lachiwiri pa 18 Novembala 2025, ali ndi zaka 76.

Dzulo, pokumba manda awa, mvula yoyamba inagwa. Manje m'nyumba mwawo muli nsupa zitatu za mbewu, iliyonse yomangidwa kansanza kamtundu wake, ndipo ngakhale mlamu wanga, Mayi Damaris, sakudziwa kuti yoyamba ndi iti. Kaya mvula ya dzuloyi ndi yobzalira, kaya ndi yotinyenga, ine sindikudziwa. M'mawa uno ndaona ena mwa inu, pobwera kumaliro kuno, mukuzungulirabe njira ija n'kusuzumira kumunda kwawo. Khasu lawo lili pakhonde.

Malemu asiya mkazi wawo, Mayi Damaris, ana aamuna atatu, ana aakazi awiri, zidzukulu khumi ndi zinayi, mlongo wawo mmodzi, ndi ine mng'ono wawo. Asiyanso mudzi wathunthu uli ndi mbewu m'manja.

Apumule mu mtendere.