Thukuta la m'Botolo

"Ayi, ndangodabwa, bambo. Madzi akumwa mukuthira pamalaya bwanji?"

Bambo wina wa nsapato zothamangira zatsopano anabisa botolo kuseri kwa benchi la pasiteji ya basi, koma mayi wa dengu anali ataona kale.

"Kwatentha, mayi."

"Kwatentha kuti, ine ndavala juzi?"

Bamboyo anazyolika, manyazi atamugwira.

"Ndi thukuta limeneli. Kunyumba amadziwa kuti ndapita kothamanga."

"Ndiye mwathamanga?"

"Ndinayesa tsiku loyamba. Ana a sukulu ananditsatira akuimba, ati, 'Mimba patsogolo, eni ake pambuyo!' Kuyambira pamenepo ndimangokhota pakona, n'kudzakhala pano mpaka dzuwa likwere."

"Aa! Bambo wandevu ngati inu kuthawa ana?"

"Musaseke, mayi. Adokotala anati shuga wakwera, ndikapanda kuchepetsa thupi ndidzasiya kuona. Nsapatozi anagula ndi mwana wanga wamkazi. Mayi a kunyumba anasiya kuphikira mafuta, zotsekemera analetsa, banja lonse likudya masamba owiritsa chifukwa cha ine. Ndikalowa nditanyowa chonchi amandiwombera m'manja, ati, 'Adadi ndi olimba mtima.'"

"Ndiye onse akuonda kupatula inu?"

"Mwana wanga wamwamuna buluku layamba kumuvuka."

Basi inaima. Mayi uja anasenza dengu lake, natembenuka.

"Akunyumba mwawapusitsa, chabwino. Nanga shugayo, nayenso amapusitsika ndi madzi a m'botolo?"