Jombo za Bambo Anga

Chaka chija tinayamba kuvotera zipani zambiri, ine Layisoni ndinachita chinthu choipa: ndinabisa jombo za bambo anga. Musaseke, adzukulu anga, mverani kaye, pakuti lero inenso ndapuma pa makina anga osokera, ndipo ndi pano pamene nkhaniyi ndikuimvetsa bwino.

Bambo ankagwira ntchito ya zankhalango pamwamba pa phiri la Zombali kuyambira ali mnyamata, kudzala paini, kulambula njira zotchingira moto, ndipo m'chilimwe ankakhala pa nsanja kuyang'ana utsi. Atapuma pa ntchito analibe kolowera. Mayi anali atamwalira, ndipo mwambo wathu mukuudziwa, munda ndi wa kuchikazi, mkamwini mkazi akatsogola amangopinda mkeka wake. Basi ndinawatenga kudzakhala nafe kuno ku Sadzi, ndili ndi maganizo akuti tsopano apume, azimwa tiyi pakhonde, azimvera wailesi ngati anzawo a penshoni.

Koma iwo ayi. Kukangocha, jombo kuphazi, ndodo m'manja, awo akwera phiri. Masiku amenewo phirili silinali lometedwa ngati mukulionera leroli. Linali lakuda bii ndi mitengo, nkhungu inkatsika m'mawa n'kudzagona m'nthambimo ngati thonje, ndipo mphepo ikawomba munkamva ngati kukubwera mvula, chikhalirecho kumwamba kuli mbee. Madzulo ankabwera akununkha utomoni, chipewa chodzaza ndi mabulosi a ana, nkhope ili ngati munthu amene wachokera kukaona chibwenzi.

Ine ndinkasoka pakhonde la sitolo ya Mmwenye m'tauni, ndipo pakhonde anthu sasowa chokamba. Tsiku lina mnzanga wogulitsa nkhuni anati, "Achimwene, madala anu aja mutu ukuyenda? Dzulo ndawapeza akusisita mtengo, akuulankhula ngati mkazi wawo. Kapena kunyumba simuwapatsa chakudya?" Khonde lonse linafa ndi kuseka. Ndinadziuza mumtima kuti ndikuopa angagwe m'phompho, koma zoona zake, ana inu, ndinkaopa kusekedwa basi. Nditaweruka ndinakulunga jombozo m'thumba n'kuziika kudenga la khitchini.

M'mawa anafunafuna nyumba yonse.

"Layisoni, jombo zanga sunazione?"

"Kaya, bambo. Mwina akuba."

Anandiyang'ana nthawi yaitali ndipo anati, "Akuba a masiku ano ndi aulemu ndithu. Wailesi aisiya."

Sanafunsenso. Mapazi awo anali ong'aluka, sakanatha kuponda miyala ya m'phiri opanda nsapato, choncho anatulutsa mpando n'kuuloza kuphiri, ndipo ankakhala pomwepo tsiku lonse, dzuwa likuwazungulira. Agogo anu aakaziwa ankandinong'oneza kuti, "Abwezereni, apongozi akufota." Ine ndinkangoti mawa. Dzinja linadutsa, chilimwe chinadutsa, mvula ina inagwa, mawa wangayo osafika.

Tsiku lina ndinawaona akutambasula dzanja kuti atenge kapu ya tiyi, koma dzanja linagwira mphepo. Nditawayandikira ndinapeza maso onse awiri ayera ndi ng'ala.

"Bambo, zayamba liti zimenezi?"

"Kale, ndisanapume n'komwe. Kuchipatala anandiuza kuti mdima ukubwera. Ndimati ndiione mitengo yanga ndiikhute, kuti mdimawo ukafika undipeze ndili nayo m'mutu."

Ndinalowa m'khitchini n'kutsitsa thumba lija kudenga. Jombozo zinali zitada ndi mwaye, ina makoswe ataiboola chakuchala. Ndinaziika pamapazi pawo, iwo anavala osafunsa kumene akuba aja anazisiya.

Loweruka tinapempha malo pa lole imene inkakwera kukatenga matabwa. Msewu uja wokhotakhota, bambo ankautchula pamtima: apa pali kasupe, apa anyani amakhala pamwala, apa nkhungu imayambira. Tinatsika pafupi ndi chitunda chimene anayamba kudzala ali mnyamata, ndipo ndinawagwira dzanja tikuyenda pang'onopang'ono. Koma titafika, adzukulu anga, panalibe mtengo ndi umodzi womwe. Zitsa zokhazokha mpaka kutsetsereko, utuchi uli mbwee, ocheka matabwa atasiya maenje awo.

"Tafika?" anafunsa.

"Tafika, bambo. Mitengo ilipo, yatalika kwambiri."

Anavula chipewa. Kenako anati, "Usanamenso, mwana wanga. Dzuwa likundiwotcha pamutu. Pano dzuwa silinkafika pansi."

Anafufuza ndi ndodo mpaka anapeza chitsa, n'kukhalapo, n'kumachisisita ndi chikhatho monga mnzanga uja anawaonera. Anati mitengo inadzalidwa kuti idzadulidwe, zimenezo sizinawawawe, koma akanakonda kuitsanzika ikadali chiimire, maso akadali ndi kakuwala.

Ndiye inu amene mumandiseka ndikamatsegula makina aja n'kumapalasa opanda nsalu, ndisiyeni. Ndipo makolo anu akadzapuma pa ntchito, musadzawasankhire mpando. Mudzawafunse kumene mtima wawo umapita kukacha, mwina n'kuwaperekeza.

Ine ndinaperekeza mochedwa. Ndinagwada pautuchi paja, ndinagwira jombo yobooka ija ndi manja awiri, ndipo mawu amene anakhala kukhosi kwanga nthawi yonse ija anatuluka.

"Bambo, kunalibe akuba. Ndinabisa ndine, chifukwa cha manyazi. Ndinakuberani phiri lanu maso anu akadaona. Pepani, bambo anga, ndikhululukireni."