Tsiku Limene Ana Anga Anandikwirira Mumchenga wa Shire

Abale ndi alongo, mtendere ukhale nanu nonse, inu a konkuno kwa Malemia ndi inu amene mwayenda wapansi kuchokera kwa Ndamera. Ine ndine Andireya, bambo wake wa Zuze. Ambiri mumandidziwa ndili wowongoka chonchi, koma alipo pano amene akukumbukira nthawi imene ndinkayenda chowerama ngati munthu wofunafuna singano m'fumbi. Lero ndikufuna ndikuuzeni za msana wanga, ndi mmene Mulungu anandidzutsira pamphasa. Mukafuna kuseka sekani ndithu, chifukwa nanenso ndikamayamika pa nkhani imeneyi phwete ndi misozi zimabwerera limodzi.

Msana umenewu ndinabwera nawo ku mtengatenga, pa nkhondo ija ya Ajeremani, kumene tinkasenza mabokosi mpaka khosi kulowa m'mapewa. Nditabwerako ndinapeza ntchito padoko, yokweza matumba a thonje m'sitima ya pamadzi. Tsiku lina ndikutukula thumba ndinangomva kuti the! m'chiuno, thumba n'kugwera uko, ine uku. Kapitawo anandiyang'ana n'kunena kuti padoko safunapo nkhalamba. Nthawi imeneyo ndinalibe ngakhale imvi imodzi.

Dzinja lonse ndinalithera pamphasa. Mkazi wanga, amake Zuze, ankalima yekha mapira mwana ali kumsana, akaweruka n'kudzandithowa ndi masamba otentha. Amalume anandibweretsera mizu yowawa moti galu wathu atanunkhiza mphika wake anakagona kwa aneba. Zonsezo sizinaphule kanthu. Ndinafika poti nkhuku inayamba kuikira mazira pambali panga, poona kuti pakhomo ponse ine ndiye chinthu chosasuntha. Mukuseka, koma ine ndinkalira, abale. Mwamuna kumva khasu la mkazi wako likulira kumunda iwe uli gone, chakudya chimakuwawa m'kamwa. Mapemphero anga anasanduka madandaulo, ndipo ndinkafunsa Ambuye ngati anandipulumutsa ku zipolopolo kuti ndidzafere pamphasa ngati dzungu lowola.

Itafika nyengo yotentha, madzi a Shire ataphwa n'kusiya mchenga woyera m'mphepete, amake Zuze anamva kwa mayi wina kuchitsime kuti mchenga wofunda umayamwa nthenda ya msana. Anati munthuyo umamudzoza mafuta a nsatsi, n'kumukwirira mpaka m'khosi. Ine ndinakana. Ndinati munthu wamoyo sakwiriridwa, ndipo ngati atopa nane adikire pang'ono, ntchitoyo adzaigwira kamodzi. Koma inu amene muli pabanja mukudziwa mmene kukana kwathu kumathera. Loweruka m'mawa tinali panjira yopita kumtsinje.

Ana athu anali atatu. Zuze anali atangoyamba kugula mano, mlongo wake Maliya anali womutsatira, ndipo wamng'ono, Chanazi, anali atangophunzira kuyenda. Anawa tinkawaletsa kufika kumtsinje, choncho atamva kuti tikupita tonse kumchenga, ndiponso kuti akakwirira bambo awo, chimwemwe chawo chinandidetsa nkhawa. Zuze ananyamula khasu, Maliya chigoba cha kamba choolera mchenga, amake anasenza dengu la mbatata zootcha ndi chikho cha thobwa. Ine ndinkabwera pambuyo ndi ndodo. Njira yonse Maliya ankauza aliyense amene tinakumana naye kuti, “Tikukakwirira ababa!” Agogo ena anatula mtolo wa nkhuni n'kuyamba kupepesa maliro, kenaka anandiona ndikutulukira pa ngodya ya mapira, n'kungoti kukamwa yasa.

Koma mchenga uja unali wokongola, abale. Unayala kuchokera pa bango mpaka kumadzi, mbalame zoyera zikuyendayenda m'mphepete. Ana anathamanga, kugubuduka, kuponyerana mchenga, Chanazi n'kuyamba kuudya. Kwa nthawi yoyamba m'miyezi yambiri ndinamva amake Zuze akuseka. Anakumba dzenje lalitali ngati ngalande, anandidzoza mafuta thupi lonse mpaka pamutu, ndipo ndinagona chagada, mutu utatsamira kamulu ka mchenga, nkhope kuloza kumtsinje. Manja anati ndiwaike m'mbali. Anandikwirira, amake n'kupondaponda kuti mankhwala alowe bwino. Zuze anaona kuti mchengawo wachepa, ndiye anaunjika wina pamimba panga n'kuumba sitima, pamchombo n'kuzikapo bango kuti ikhale chumuni. Maliya anathyola duwa la kakombo n'kundipana nalo kukhutu.

Zitatha izi amake Zuze anati akazule nyika, timizu todyedwa ta kakombo, m'thawale la kuseri kwa bango, tikaphike madzulo. Chanazi anali atagona pansalu pafupi ndi mutu wanga.

“Abambo ake Zuze, muziwayang'anira anawa,” anatero akunyamuka.

“Ndiwayang'anire ndi chiyani, amake Zuze?”

“Maso sindinakwirire.”

Asanafike n'komwe kuthawale, Zuze ndi Maliya anaona atsekwe atatera kumapeto kwa mchenga, n'kuwathamangira. Ndinawaitana, koma mwana amadziwa kuti bambo wopanda manja ndi wopanda mawu. Phokoso langalo linangodzutsa Chanazi. Anadzuka, anandiyang'ana, ndipo anakondwa kwambiri kupeza mutu wa bambo ake uli pansi pamsinkhu wake. Anandithira mchenga m'khutu. Anakhuthula mbatata m'dengu, n'kundilowetsa imodzi yathunthu m'kamwa, chifukwa ndi mwana wachifundo kuyambira kale. Kenaka anatenga dengu lija n'kundivundikira nalo kumutu ngati nkhuku yofungatira.

Mpaka apa zinali zoseketsa. Koma ndikusuzumira m'timipata ta dengu, ndinaona timiyendo take tikulowera kumadzi. Ndipo pamadzipo, pafupi ndi gombe, panali chipika chimene poyamba panalibe. Ndinakulira m'mbali mwa Shire, ndikudziwa kuti chipika chimatsata madzi. Chimenechi chinkabwera chopingasa, pang'onopang'ono, chili ndi timatupsa tiwiri pamwamba. Inali ng'ona.

Abale, ndinaonapo anthu akugwa kunkhondo, koma mantha onga a tsiku limenelo sindinawamvepo. Ndinayesa kudzuka, mchenga unandigwira ngati dzanja. Ndinayesa kukuwa, mbatata inatseka njira. Ndinaitafuna mbatata ija mothamanga kuposa chakudya chilichonse pamoyo wanga, ndikupemphera mumtima, ndipo pemphero lake linali lalifupi: “Ambuye, msana khalani nawo, ndipatseni mwana.” Nditameza ndinaitana dzina lake ndi mphamvu zonse. Chanazi anacheuka, anaseka poganiza kuti tikusewera chibisalirano, n'kupitirira.

Pamenepo m'mutu mwanga munabwera chinthu chimene sindikanachiganiza ndekha. Panali kanyimbo kopanda pake, konena za bakha wopanda mchira, kamene amake ankamuvinitsira pakhomo. Akakamva mwanayo sankatha kuyenda, ankaima pomwepo n'kumagwedeza thako. Ndikanakonda kukuuzani kuti pa ola la imfa ndinaimba nyimbo ya m'kachisi, koma pano ndi pamalo ponena zoona. Ndinaimba za bakha. Ndinaimba mokweza, misozi ikusakanikirana ndi mafuta a nsatsi. Ndipo mwanayo anaima, madzi atatsala pang'ono kumukhudza zala, n'kuyamba kuvina. Nyimbo ikatha ndinkaiyambanso, uku ndikudzipotokola pansi pa mchenga. Chipika chija chinkayandikirabe.

Mwadzidzidzi ndinamva gu! gu! gu! ngati ng'oma, ndi mawu a mwamuna akukuwa. Mwadiya unatulukira kuseri kwa bango, muli bambo wachikulire amene ankamenya nkhafi m'mbali mwa bwatolo. Analowetsa mwadiya wake pakati penipeni pa mwana ndi ng'ona. Madzi anawinduka, mchira unamenya bwato moti miphika imene ananyamula inagundana, ndipo chilombocho chinamira n'kupita. Bamboyo analumphira pamchenga n'kunyamula Chanazi.

Munthu ameneyu ndi a Semba, amene ankagulitsa miphika m'midzi ya m'mbali mwa mtsinje, koma tsiku limenelo tinali tisanadziwane. Anayang'ana uku ndi uku kufuna makolo a mwanayo, osaona munthu. Ine ndinkangolira m'dengu muja. Anayandikira dengu, n'kulivundukula. Tangoganizani zimene anaona: mutu wa munthu uli wokha pamchenga, ukunyezimira mafuta, duwa kukhutu, mbatata m'ndevu. Ndipo mutuwo unatsegula pakamwa n'kunena mwaulemu kuti, “Mulungu akudalitseni, bambo.”

“Nsolo ukulonga!” anakuwa m'Chisena a Semba, kutanthauza kuti mutu ukuyankhula. Anataya dengu, anapana Chanazi m'khwapa, n'kuliyatsa liwiro kupita kumwadiya. Munthu wabwinoyo anali atalanditsa mwana kwa ng'ona, tsono anafuna kumulanditsanso kwa mzukwa.

“Ndi mwana wanga ameneyo!” ndinafuula.

“Nkhabe! Nkhabe!” ankakana akuthamanga, osacheuka.

Nthawi imeneyi Zuze ndi Maliya anali atafika, atamva phokoso. Anayamba kufukula ngati agalu, ndipo kudzipotokola kwanga kuja kunali kutamasula kale dzanja limodzi. Ndinatsamira chigongono, ndinakankha ndi zidendene, ndipo m'chiuno munalira kuti kho! moti ana anadumpha. Sitima ya Zuze inasweka pakati. Ndinavumbuluka m'dzenjemo thupi lonse lili mbuu ndi mchenga womatirira pa mafuta, n'kuthamangira kumadzi. A Semba pocheuka anaona kuti mutu uja tsopano wamera thupi ndipo ukuwalondola. Anasiya zokankha bwato, anakhala pansi m'madzi osaya, anatseka maso n'kukweza mwana m'mwamba kuti ndingotenga. Chanazi ankangoseka, manja atatambasulira kwa ine.

Ndinamukumbatira mwana wanga. Kenaka ndinamva mawu kumbuyo kwanga. Anali amake Zuze, matope mpaka m'mawondo, nyika zitamwazika pansi.

“Abambo ake Zuze,” anatero motsitsa mawu, “mwaimirira.”

Ndinadziyang'ana. Ndinali chilili, wowongoka ngati mgwalangwa, mwana ali m'manja, ndodo ili kutali uko. Pomwepo tinagwada pamchenga kuyamika, ine, mkazi wanga ndi ana. A Semba anagwada nafe, ngakhale diso limodzi linali pa ine mpaka pa ameni.

Pambuyo pake tinawafotokozera zonse, tikudya mbatata zimene zinatsala, titazipukuta mchenga. Anaseka mpaka kutsokomola. Anatiuza kuti njira yawo yamasiku onse inali ya kutsidya, kumene madzi ndi akuya. Anakhotera kuno chifukwa anaona dengu labwino lili lokha pamchenga, ndipo anaganiza kuti mwini wake waliiwala. Atayandikira m'pamene anaona mwana akuvina ndi ng'ona ikumudzera. Onani, abale, mmene Mulungu amagwirira ntchito. Sanatume mngelo wa lupanga. Anatuma wogulitsa miphika amene ankafuna kutola dengu la eni.

Sindikunamizani kuti ululu unatheratu tsiku lomwelo. M'mawa mwake thupi lonse linkaphwanya, ndipo mchenga unkatulukabe m'khutu mpaka mvula yoyamba. Koma kuwerama kuja sikunabwerenso. Pasanapite nthawi a Semba anafika pakhomo kudzaona ngati ndikadali ndi thupi, ndipo anati mapewa awo atopa ndi nkhafi, akufuna mnzawo wopalasa. Kuyambira pamenepo ndimayenda nawo pamtsinje mpaka ku Chiromo, ndipo pakhomo panga sipagonanso njala. Khasu la amake Zuze silikuliranso lokha kumunda.

Tsono ndikupempheni chinthu chimodzi. Inu amene muli ndi misana yowawa, lekani kubwera kwathu kudzafunsa malo enieni amene tinakumba. Mkulu wina wa mpingo uno, amene sindimutchula chifukwa wakhala kutsogolo kuno, anapita kukayesa dzuwa lili paliwombo, ndipo anabwerako ndi msana wake womwewo, kuwonjezapo matuza. Sindidziwa ngati unandiwongola ndi mchenga, mafuta, kapena mantha. Chimene ndikudziwa n'chakuti miyezi yonse ija ndinkapempherera msana ndili ndi mkwiyo, ndipo tsiku limene ndinauiwala n'kupempherera mwana, Ambuye anandipatsa zonse ziwiri.

Choncho iwe mbale amene wagona pamphasa lero, iwe mlongo amene ukulima wekha, usaleke kuitana. Mwina manja ako amangika ndipo anthu odutsa sakukuona n'komwe. Itanabe ndi mawu amene watsala nawo, ngakhale akhale osalongosoka ngati anga aja. Ndikuyamika Mulungu chifukwa cha mkazi wanga amene sanamvere kukana kwanga, chifukwa cha a Semba, ndi chifukwa cha Chanazi, uyo wagona pamiyendo ya amake apo, wamoyo, zala zonse zili zokwanira. Dzina la Ambuye lilemekezeke. Ameni.