Dzina la amayi silinali pa mndandanda

Ba Pasita, akulu a mpingo, makolo anga ndi achinyamata anzanga, landirani moni m'dzina la Ambuye. Ambiri simudziwa mawu anga chifukwa ndimakhala kumbuyo uko, pafupi ndi chitseko. Ndine Zione, mwana wa amayi awo avala chitenje chobiriwira. Ndili giledi teni. Ndaima pano kuti ndichitire umboni, koma ndikaima pagulu mawu amandithawa, ndiye mundilole ndizisuzumira m'kabuku aka. Ndimo ndimalemba za tsiku lililonse.

Linali Lachiwiri, sabata yoyamba ya Novembala. Magetsi anali atapita kuyambira m'mawa. Ine ndinali pakhomo kupukuta nsapato za kusukulu, nditatsamira njinga yakale ya malemu atate, pamene galimoto yoyera inaima kumsewu. Munatuluka ba Madamu a ku ofesi ya kampani kumene amayi amagwira ntchito. Kampaniyo imapanga ndowa ndi mabeseni a pulasitiki, ndipo amayi asesa ndi kuphika tiyi kumeneko zaka khumi ndi chimodzi. Zaka zonsezo palibe bwana anapondapo pakhomo pathu pa Kanyama. Nditawaona akulumpha ngalande ndi nsapato zawo zazitali, mtima unandiuza kuti awa sanabwere ndi zabwino.

Anati chaka chilichonse msonkhano wa antchito umachitikira ku hotela m'tauni, ndi basi yobwereka, madzi a m'mabotolo, ndi zolembera zaulere zimene amayi ankandibweretsera. Chaka chino zimenezo sizitheka. Malonda atsika, makina amagona masana chifukwa cha magetsi, mafuta a jenereta akwera. Ndiye anaganiza zochitira muno, m'holo yathu ino, poti ili pafupi ndipo anthu abwera wapansi. Uchitike m'mawa, poti mawindo awa ndi aakulu, sipafunika nyali. Amayi aphike mpunga, kabichi ndi nkhuku, chakumwa chikhale munkoyo wa m'ndowa za kampani zomwezo. Maina oika pamipando asapite kosindikiza, mwana alembe pa makatoni odula. Mwanayo ndine.

"Nkhuku imodzi muzidula pa eyiti, amake Zione," anatero ba Madamu akupereka pepala la maina. "Anthu ni fote chabe. Osapitirira."

Amayi anawomba m'manja kuthokoza. Amayi anakondwa, abale anga. Ine sindinakondwe. Ndinkadziwa kuti kampani ija ili ndi antchito makumi asanu ndi asanu, chifukwa amayi akafika atatopa amati makapu awo fifite-faifi awathyola msana. Nanga bwanji mipando makumi anayi? Ndinawerenga pepala lija katatu. Dzina la amayi munalibe. La ba Sakala, alonda a pageti, munalibe. Madalaivala onse munalibe. Anthu khumi ndi asanu anasowa.

Pano pa Kanyama taziona. Kampani ikafuna kukuchotsa sikalipa, imamwetulira. Tsiku lomwelo ndinalemba m'kabuku kuti: akufuna amayi aphike okha chakudya cha maliro a ntchito yawo.

Kuyambira pamenepo chilichonse chinkanunkha. Thumba la mpunga litabwera lodzaza kuposa mmene ananenera, ndinati akufuna kutitseka pakamwa. Ba Madamu atandifunsa za mayeso, ndinati akuwerenga anthu amene agone ndi njala. Ba dikoni, mundikhululukire, nanunso ndinakulembani m'buku. Ndinati holo mwaipereka motchipa chifukwa mukudziwapo kanthu. Musaseke, ndinalembadi.

Amayi sindinawauze, poti amavutika ndi bipi. Ndinasunga masiku anayi, chakudya chosalowa. Tsiku lachisanu ndili pamzere wa madzi ndinakumana ndi ba Esinati, aja ogulitsa tomato pakona, amene amuna awo ndi dalaivala wa kampani yomweyo. Ndinangonena chiganizo chimodzi, chimodzi chokha, kuti dzina la amuna awo pa mndandanda palibe. Anatsitsa chigubu pansi, nandifunsa ngati ndaona ndi maso anga. Ndinati ee. Anandiuza kuti ndisauze munthu wina aliyense.

Patapita masiku atatu, nkhani ija inandipeza kusukulu. Mnzanga anandinong'oneza kuti kampani ya ndowa ikuchotsa anthu khumi ndi asanu, makalata alembedwa kale, ndipo adzawaika pansi pa mbale za mpunga. Pofika Lachisanu anthuwo anali makumi atatu, ndipo pakhomo la holo padzaima apolisi. Tamverani kupusa kwanga, abale. Sindinazindikire kuti nkhaniyo ndi mwana wanga yemwe, chiganizo changa chija, wabwera atakula. Ndinati, mwaona, ena akunenanso, ndiye kuti ndi zoona.

Loweruka linafika. Amayi anadula nkhuku zisanu, iliyonse pa eyiti monga anauzidwa. Ine ndinaika makatoni a maina pamipando, mabenchi omwewa mwakhalapowa. Naini koloko inakwana, m'holo muli mabwana atatu ndi anthu asanu a mu ofesi. Teni koloko, omwewo. Antchito onse anali atasonkhana pabwalo la mpira kuseri kwa msika, atapangana kuti asalowe aliyense. Ankati kalata imene sunailandire m'manja siingakuchotse ntchito.

Ba Madamu anabwera kuseri kumene kunali mapoto. Sanakweze mawu.

"Amake Zione, pepala ija inaonedwa na ine, ba bwana, na nyumba yanu. Munthu wotulutsa vinthu va mu ofesi sitingamusunge."

Amayi anaima ndi chikombe chopakulira m'manja. Sankadziwa kanthu, sankadziwa kanthu konse. Analumbira kuti iwo kuwerenga maina kumawavuta, pepalalo sanalitsegule n'komwe. Ntchito imene ndinkaopa kuti ba Madamu awalanda, amene ankawalanda ndinali ine, mwana wawo.

Ndinali kuseri kwa ndowa ya munkoyo. Sindinapemphere pemphero lalitali. Ndinangoti, Ambuye, pakamwa apa ndinapatsegula ndekha pamzere wa madzi, patseguleni Inu tsopano. Ndipo ndinamva mawu anga akutuluka, akuti ndine.

Ba Madamu anandifunsa chifukwa chake. Ndinati dzina la amayi silinali pa mndandanda. Anatsegula chikwama natulutsa pepala lina. Linali ndi maina khumi ndi asanu: madalaivala, alonda, ndipo pamwamba penipeni dzina la amayi. Anati malole sangaime onse tsiku limodzi, geti silingasiyidwe lokha, ndipo kulemba anthu aganyu oti agwirizire n'kuwononga kumene akukuthawa. Ndiye anagawa msonkhano pawiri. Wachiwiri unali wa Loweruka lotsatira, pabwalo la kampani.

"Nenze kufuna na imwe mukakhaleko pa mpando," anauza amayi, "mudyeko vophika ena."

Abale, ndinafuna nthaka ing'ambike. Koma ba Madamu sanandisiye. Anati iwo akapita kubwalo kuja palibe awakhulupirire, woyatsa moto ndiye akauzime. Anandipatsa mapepala onse awiri.

Ine amene sindikweza dzanja m'kalasi, ine amene ndimathawa kuwerenga vesi ku Sande sukulu, ndinaima pamaso pa azibambo odzaza bwalo. Ndinawauza kuti nkhani ija inayamba ndi ine, ndipo ndinaona pepala limodzi, lachiwiri sindinalidziwe. Bambo wina anafunsa ngati andigula ndi ntchafu ya nkhuku, anthu n'kuseka. Amuna a ba Esinati anandilanda pepala, nayendetsa chala mpaka anapeza dzina lawo, naliwerenga mokweza kawiri. Ba Sakala sanaseke. Ndi munthu wamkulu, wa imvi. Anangoti iwo njinga yawo anagulitsa Lachinayi, kuti apeze ndalama yokwezera banja lawo basi kubwerera kumudzi makalata akatuluka. Sanandikalipire. Bola akanandikalipira.

Analowa m'holo dzuwa lili pamutu, mpunga utazizira. Aliyense asanadye ankayamba watukula mbale n'kusuzumira pansi. Inenso ndinatukula ya ba dikoni pamene anatembenuka. Panalibe kalata. Ba bwana ananena zoona zake: palibe wochotsedwa, koma azigwira masiku anayi pa sabata mpaka zinthu zisinthe, ndipo malipiro atsika. Si nkhani yovinira, koma ntchito ilipo. Ntchito ya amayi ilipo. Ba Madamu anangoti pepala la mu ofesi silidzabweranso kwathu, ndipo sanalakwe.

Dzulo ndiye unali msonkhano wachiwiri uja. Amayi anakhala pampando, katoni ya dzina lawo ili patsogolo, yolembedwa ndi dzanja langa. Anabwerako akudandaula kuti wophikayo mchere anachepetsa.

Sindinganame pamaso pa Mulungu kuti ndachiriratu. Mpaka lero ba Madamu akamwetulira ndimayang'ana m'manja mwawo, ndipo mawu aja akuti mpaka zinthu zisinthe ndawalemba m'buku n'kuwadula mzere pansi. Mundipempherere. Koma ndikuthokoza Ambuye amene anatsegula pakamwa pa mwana wamanyazi nthawi isanathe. Ndikuthokoza kuti amayi sanalipire mlandu wanga. Ba Esinati, ndakuonani mwabisala kuseri kwa nsanamira, tulukani tikondwere limodzi, tonse tinatunga madzi amodzi. Amayi a mpingo, imbani nthungululu. Achinyamata, ombani m'manja pamodzi ndi ine, pakuti Mulungu wachita.

Chatsala chimodzi. Ba Sakala tsopano amayenda wapansi kuchokera ku komboni ya George m'mawa uliwonse. Njinga ya atate ija yakhala pakhoma zaka zitatu, matayala ataphwa, ndipo amayi avomera. Mawa ndikaweruka kusukulu ndiikankha mpaka pageti la kampani, ndikaisiye m'manja mwawo, ndipo pepani wake ndikamunena ndi pakamwa, osati m'kabuku.