Kabokosi Koyera

— Halo?

— Halo, achemwali a Elube? Ndine Jemima. Mukundimva?

— Ndikukumva ngati uli m'chitsime. Taima ndituluke, m'nyumba muno netiweki imakana. Eya, lankhula tsopano.

— Mwaswera bwanji ku Kawale?

— Taswera, kaya inu ku Mangalande?

— Ifenso tilipo. Kuzizira kokhaku. Dzuwa kuno ku Manchester limangosuzumira ngati mlendo wamanyazi.

— Alamu ali bwanji?

— A Peterson ali bwino, akupereka moni. Apita kukathandiza munthu wa kumpingo amene akusamuka nyumba. Nanga mwendo uja?

— Ukusintha. Kumsika ndikupita nawo, ndikubwera nawo. Koma fulumira, magetsi anazima m'mamawa Kawale yense, foni yatsala kadontho kamodzi.

— Amalume a Gilford ku Chinsapo?

— Alipo. Anali kuno dzana.

— Anadzatani?

— Mwinimbumba amafunsidwa chimene wadzera?

— Ayi, ndangofunsa. Tandipatsirani Tadala ndimve mawu ake.

— Wapita kuchigayo.

— Kuchigayo?

— Eya.

— Achemwali, chigayo chikugaya ndi chiyani poti magetsi kulibe?

— Chilipo cha dizilo ku Biwi.

— Sabata yatha munati ali ku kwaya. Sabata inayo munati wagona, dzuwa lili paliwombo. Mwana wanga ndinamumva komaliza pa Khirisimasi. Pasipoti yake inatuluka, munandiuza nokha. Malo a sukulu kuno tinamupezera. Chikumuletsa kubwera n'chiyani?

— Pasipoti ili m'manja mwanga. Amalume anabwera kudzaitenga.

— Mwawapatsa?

— Ndinawauza kuti ndiyambe ndakufunsa. Ine sindiweruza mlandu ndisanamve mbali zonse. Koma akuti Loweruka likubwerali abweranso, ndipo akuti mwana wa mbumba yawo sakwera ndege kupita ku mpingo umenewo.

— Ndinadziwa. Ndi nkhani ya mpingo.

— Usati unadziwa, yankha zimene ndikufunse. Mutabwera kutchuthi chaka chatha, amalume anakuphikirani tiyi wamkaka, munthu wosauka anachita kugula buledi. Inu awiri munangoyang'anana, n'kupempha madzi otentha. Munthu amakana tiyi wa amalume ake?

— Sitimwa tiyi, achemwali. Khofi, mowa, fodya, zonsezo tinasiya. Ndi lamulo la kasamalidwe ka thupi. Tinawafotokozera.

— Mowa ndikumva. Koma tiyi anapha yani?

— Sanaphe munthu. Ndi lonjezo chabe limene tinachita kwa Mulungu.

— Chabwino. Unandiuza wekha kuti pansi pa bedi mwaunjika mpunga, nyemba ndi zam'zitini. Dziko la masitolo osatseka limenelo, mukukonzekera chiyani chimene ife sitikuchidziwa?

— Mpingo umatiphunzitsa kusunga chakudya, mwina ntchito itha, mwina matenda. Ndi nkhokwe, achemwali. Kwathu ku Dedza munthu akamanga nkhokwe amamutcha mfiti?

— Nkhokwe imakhala panja, aliyense amaiona.

— Kuno panja pake pati? Tili pamwamba, nyumba yachitatu kuchokera pansi.

— Nanga mayina a akufa unkandifunsa aja? Agogo, amayi awo a agogo, kumene anaikidwa. Munthu wamoyo mayina a akufa amachita nawo chiyani?

— Timakhulupirira kuti amene anafa nawonso akhoza kulandira uthenga. Wamoyo amabatizidwa m'malo mwawo ku kachisi, eni ake n'kusankha okha kumene aliko, kulandira kapena kukana.

— Amayi anaikidwa atavala yunifolomu ya Mvano. Ubatizo wawo unaperewera pati?

— Amayi sindinawakhudze. Ndinati ndiyambe ndakupemphani.

— Ndakana.

— Ndamva.

— Usaganize kuti ndimangomvera za m'maluwa. Ndinapitako.

— Kuti?

— Kwa anzanuwo. Kuno kwabwera anyamata awiriawiri a malaya oyera, mataye, tizikwangwani takuda pamtima. Amadzitcha akulu ampingo, ndevu sizinamere n'komwe. Anthu akawaona amalowetsa ana m'nyumba. Ine Lamulungu lina ndinawatsatira mpaka kunyumba imene amapempherera. Ndinakhala kumbuyo, pafupi ndi khomo, nsapato zili zomasula kuti zikavuta ndithawe bwino.

— Achemwali inu!

— Usaseke. Mgonero utabwera ndinasuzumira m'kakapu. Anthu kuno amati mumamwa magazi.

— Munapezamo chiyani?

— Madzi. Ndinanunkhiza. Madzi a pampopi.

— Ndiye?

— Nyimbo zozizira ngati phala la dzulo, popanda ng'oma, popanda woomba m'manja. Koma Yesu ankamutchula, sindinganame. Mayi wina anandiperekeza mpaka pokwerera minibasi.

— Mwaona nokha tsono.

— Ndaona za masana. Mfiti siuluka dzuwa likuswa mtengo.

— Ndiye ndinene chiyani kuti mukhulupirire? Moyo wathu ndi wotopetsa kuumva. Ine kuchipatala, a Peterson kunyamula makatoni kufakitale. Lolemba madzulo timakhala awiri, timawerenga malemba, timaimba nyimbo imodzi, mpando wa Tadala uli wopanda munthu. Lamulungu a Peterson amaphunzitsa ana a azungu, amawaseka kalankhulidwe koma amawakonda. Usatana wake uli pati pamenepa?

— Mawu amenewo wawatchula ndiwe.

— Si zimene akunena amalume?

— Halo? Wati chiyani?

— Ndati si zimene akunena amalume!

— Zonse ndakufunsazi n'zazing'ono. Tiyi tikanakukhululukira. Pali china.

— Nenani.

— Ukumudziwa Lucious, mwana wa mayi ogulitsa makala ku Biwi aja? Ali komweko. Amatchetcha kapinga kumanda a boma.

— Ndimamudziwa patali.

— Anauza amayi ake, amayi ake anauza msika wonse. Akuti zaka ziwiri zapitazo anaona alamu kumanda, atanyamula kabokosi koyera m'manja, kakang'ono ngati katoni ya sopo. Pambuyo pawo iwe, ndi azungu ovala masuti. Wakuda wina panalibe. Munakwirira, munapemphera, munachoka. Ife kuno uthenga wa maliro sitinalandire. Posakhalitsa tinamva kuti mwalowa mpingo wachilendo. Posakhalitsanso mwagula puloti ku Area 49. Tsopano mukufuna Tadala, akuti mukalowe naye m'kachisi momwe munthu wamba saloledwa. Iweyo ukanakhala amalume, ukanaganiza chiyani? Halo? Jemima? Yaduka?

— Ndilipo.

— Munali chiyani m'kabokosimo?

— Mwana wathu.

— Mwana wanu uti?

— Ndinali woyembekezera, achemwali. Kunatsala pang'ono. Tsiku lina ndili kuntchito ndinangomva kuti wasiya kugunda. Anabadwa ali chete.

— Iwe Jemima. Woyembekezera, ine osadziwa?

— Amayi ankati chiyani? Mimba siilengezedwa, imaoneka yokha. Nanga pa foni ikanaoneka bwanji? Ndinkati ndidzakuimbireni mumve kulira kwake.

— Nanga zitachitika?

— Mtayo amautumizira uthenga wa maliro? Si inu munandiphunzitsa, nthawi ija ya mkazi wa a Esau aneba athu aja, kuti zotere sitilira, sitikamba, timangodzuka n'kumasesa pabwalo?

— Ndi mwambo umenewo. Koma mwambo womwewo umati mwana wotero amakamuika amayi okhaokha, mwakachetechete, popanda bokosi. Mwamuna safikako. N'chifukwa chake Lucious ataona alamu atanyamula...

— Amayi ake ati? Ndinali ndi ndani kuno? Kuchipatala anatifunsa kuti, mukamuika nokha kapena timutenthe?

— Kutentha? Mwana?

— Amatero kuno, ndipo amafunsa mwaulemu. A Peterson anangokhala pansi m'khonde la chipatala, osadziwa kolowera. Amene anawapeza ndi mayi a Rachel, a khomo loyang'anana ndi lathu. Mzungu wa imvi, tinkangopatsana moni pamasitepe. Nthawi imeneyo za mpingo wawo sitinkazidziwa n'komwe. Iwo ndi amene anasoka kansalu komuveka. Amuna awo anakhoma kabokosiko ndi manja awo. Masuti amene anaona Lucious ndi anthu a mpingo wawo, anajomba kuntchito kudzaima nafe, osatidziwa dzina. A Peterson anati, mwana wanga sanyamulidwa ndi mlendo ine ndilipo. Ndikanawaletsa?

— Mmm.

— Lucious tinamuona, ali pa makina ake. Sanabwere kudzafunsa. Mmalawi mnzathu.

— Nanga iweyo anakusamala ndani? Thupi la mayi likatero limafuna kuthowa.

— Mayi a Rachel omwewo. Sankadziwa, kuno sachita. Ndinachita kuwaphunzitsa, madzi atenthe chonchi, nsalu muipinde chonchi, musindikize apa. Ankagwada m'bafa ndi maondo awo okalambawo, akundithowa msana, akupepesa kuti akundiwotcha. Ine ndikuti, wonjezerani, achemwali anga akanakhala pano sakanandimvera chisoni.

— Imeneyo inali ntchito yanga.

— Ndikudziwa.

— Inali ntchito yanga, Jemima. Amayi atamwalira anakusiya m'manja mwanga. Pa Tadala ndinakuthowa ndine.

— Ndinkakufunani tsiku lililonse. Foni ndinkaigwira, n'kuibweza.

— Ndiye mpingo munalowera zimenezo? Kubweza ngongole ya chifundo?

— Poyamba mwina. Koma anatiuza mawu amene kwina sindinawamve, akuti banja silithera kumanda. Ine amene ndinauzidwa kuti ndisalire, ndiiwale, ndinapeza anthu ondifunsa kuti mwanayo dzina lake ndani. Za kachisizo n'zomwezo. Timafuna tikagwade pamodzi ndi Tadala, atidalitse kuti ndife banja mpaka muyaya. Palibe mpeni, palibe magazi. Puloti ija ndi maovataimu anga, ndinkathawa kukhala m'nyumba.

— Munamutcha dzina?

— Eya.

— Kwathu mtayo sapatsidwa dzina.

— Ndikudziwa. Anali wamwamuna. Pemphani.

— Dzina la abambo athu.

— Lili pa kamwala.

— Taima kaye.

— Achemwali? Mukulira?

— Ndi utsi wa mbaula ya aneba. Tamvera tsono. Sindinanene kuti mpingo wanuwo ndauvomera. Za akufazo mpaka pano sizikundilowa, ndipo amayi muwasiye agone. Tadala akabwera kumeneko, za ubatizo asakakamizidwe. Akafuna tiyi, mumupatse tiyi.

— Mwati akabwera?

— Sindinamalize. Amalume sindingawabweze ndi manja opanda kanthu. Loweruka ndiyenera kuwauza zonsezi, ndi akazi awo ali pomwepo, kuti zikafike kumsika kumene zinayambira.

— Ayi, achemwali. A Peterson sanauze ngakhale amayi awo. Anthu adzayamba kufunsa kuti analakwa ndani, anadumpha mwambo uti, mwina mwamuna anayenda panja. Mukuwadziwa anthu.

— Adzafunsa, inde. Adzanenanso kuti mwamuna anaponda pamene saponda. Koma panopa akunena kuti munapereka mwana nsembe kuti mugule puloti. Sankha chimene ungasenze. Chinsinsi chako kapena Tadala, zonse ziwiri sindingakusungire.

— Auzeni.

— Alamu avomera?

— Ndilankhula nawo akabwera. Avomera. Mpando uja amauyang'ana kuposa ine.

— Mukajambulitse pamandapo, inu awiri, dzina lioneke. Mayi a imviwo akhaleponso, ndiwaone nkhope munthu amene anandigwirira ntchito. Amalume za pa foni sakhulupirira.

— Titumiza ndi munthu woyamba kubwera. Koma pasipoti musawapatse.

— Ili pansi pa yunifolomu yanga ya Mvano. Amalume ndi mwamuna, mmenemo sapisamo dzanja.

— Zikomo, achemwali. Sindikudziwa kuti ndinene...

— Usandithokoze. Mwana ameneyu unandisiyira asanayambe sukulu. Mano ake oyamba ndinaponya padenga ndine. Ukanakhala wa satana zikanandiphwekera, ndikanakhala ndi chifukwa chomukaniza.

— Achemwali...

— Ndanena, zatha.

— Kakadi koimbira foni kakulira, akuti yatsala mphindi imodzi. Ndidzaimbanso Lamulungu tikaweruka ku...

— Mphindi imeneyo usawonongere ine. Tadala! Iwe Tadala! Siya mbalezo, pukuta m'manja, thamanga!

— Cha dizilo chija chagaya msanga.

— Khala chete iwe. Tadala, bwera kuno, ima pomwe ndaima inepa, ukasuntha idula. Ndi amayi ako. Uwauze saizi ya nsapato, kumene ukupitako kumazizira.

— Halo? Tadala? Tadala, mwana wanga, ndi...