Sindinagone Pasiwa pa Achemwali Anga

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, abale ndi alongo. Abusa, zikomo pondipatsa mpata. Ndine amake Lonjezo, wa kuseri kwa njanji kuno ku Nkaya. Nkhani yangayi ndi ya kumusi, yosakambidwa pagulu. Abambo, mundikhululukire. Koma kukhala chete kunatsala pang'ono kundipha, ndiye lero ndiyankhula.

Mumandidziwa. Ndinali mayi wamphamvu. Sitima ikaima, woyamba kufika pamawindo ndi beseni la chinangwa chophika ndinali ine. Thumba la makala ndinkasenza ndekha. Ana asanu ndi awiri ndabereka, ndipo ndikangotuluka chikuta, ndinkabwerera kumjigo ndi ndowa. Anthu ankati, "Amake Lonjezo ndi chitsulo." Ine n'kumanyada.

Zinayamba pang'onopang'ono. Ndikatsokomola, timadontho ta mkodzo. Ndikayetsemula, timadontho. Ndikaseka, kunyowa. Ndinati ndi ukalamba. Kenako kumusiku kunayamba kulemera. Tsiku lina ndikutula thumba, ndinamva chinthu chatsika. Ndinathamangira kubafa, n'kuchigwira ndi dzanja langali. Chanyama, chitasuzumira panjira yobadwira mwana. Abale anga, ndinakhala pansi. Ndinati ndalodzedwa, kapena ndi khansa. Ndinachikankhira m'kati, n'kuvala, osauza munthu.

Osauza munthu! Ngakhale bambo akunyumba. Mphasa yanga ndinasamutsira kuchipinda cha ana. Iwo anafunsa, "Kodi mayi, ndakulakwirani chiyani?" Ine ndinati, "Palibe, kukutentha." Sanafunsenso.

Ndinkang'amba nsanza n'kumaika. Dzuwa la kuno mukulidziwa. Pofika masana fungo ndinkalimva ndekha. Kusiteshoni ndinasiya, poti ndani angagule chakudya kwa mayi wonunkha mkodzo?

Ndiye kunabwera uthenga wochokera kwathu ku Chikweo. Achemwali anga aakulu, amene anandilera mayi athu atamwalira, atisiya. Ulendo wake ndi wautali, msewu wokumbikakumbika. Ndinafika nsanza zonse zitanyowa, chinthu chija chitatupa, chikuwotcha ngati moto. Amayi akumudzi anandigwira dzanja. "Lowani m'siwa, malo anu ndi kumutu kwa m'bale wanu."

Sindinalowe. M'nyumba ya maliro amayi amakhala mothinana, phewa kuphewa. Ndipo ndinkadziwa kuti ndikalira ndi mtima wonse, thupi lonse limasuka. Ndinakhala panja ndekha, nditaluma mano, ndikumeza misozi. Dzuwa lisanapendeke ndinanyamuka. Sindinagone pasiwa. Kumanda sindinafike. Munthu amene anandibereka kumsana, sindinamuperekeze!

Patapita masiku, achimwene anga anafika. Anaima pabwalo, mpando anaukana.

"Kumudzi akuti achemwali wawadya ndiwe. Mfiti ndi imene imaopa maliro, osakhetsa ngakhale msozi. Ana awo akuti usadzapondenso pakhomo paja."

Ndinalola kutchedwa mfiti kusiyana ndi kunena kuti ndimadzikodzera. Mukuona mmene manyazi amamangira munthu? Atachoka, ndinadzigwetsa pansi m'nyumba. Ndinati, "Ambuye, nditengeni basi. Nditengeni, ndikawafotokozere ndekha achemwali anga."

Koma Mulungu sananditenge. Ananditumizira munthu. Ndipo sanamutenge m'tchalitchi muno, iyayi, anakamutenga kumzikiti. Abiti Saidi, mayi wachisilamu amene tinkayandikana pogulitsa malonda kusiteshoni. Anabwera kudzandipepesa maliro. Podutsa kuseri kwa nyumba anaona nsanza zanga zili pachingwe, nditaziphimba ndi chitenje. Analowa, n'kutseka chitseko.

"Amake Lonjezo, nsanza zijazi ndikuzidziwa. Inenso ndinayanikapo zotero."

Anakhala pambali panga, n'kupitiriza.

"Ndinkasamba kuti ndiswali, ndikangowerama popemphera, ndadetsedwanso. Ndinkati Mulungu wandikana. Iyayi, m'bale wanga. Si ufiti, si tsoka. Ndi matenda, ndipo thandizo lake lilipo. Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko. Mawa tikwera limodzi galimoto, tipite kuchipatala cha ku Liwonde."

Tinapita. Anamwino anandiyeza osagwira mphuno, osakwinya nkhope. Anandipaka mafuta ozizira pamimba n'kuyendetsapo kachipangizo ka sikani, maso awo ali pa kanema. Kenako anati, "Mayi, chotupa sindikuchiona." Ndinapuma, abale anga. Ndinapuma!

Anandifotokozera atakupatira manja awo chonchi. "Kumusi kwa mayi aliyense kuli minofu yoyalidwa ngati mbereko. Imanyamula chikhodzodzo, chiberekero ndi matumbo. Yanu yatopa ndi uchembere ndi katundu wolemera, ndiye chiberekero chatsika. Simuli nokha, amabwera ambiri."

Anandiika kamphete kofewa m'katimo, kochirikiza chiberekero. Anandiphunzitsanso kulimbitsa minofu ija: kufinya ngati ukugwira mphepo ya m'mimba pagulu, kudikira pang'ono, kumasula, tsiku ndi tsiku. Nditaimirira, kulemera kuja kunalibe. Ndinayenda mpaka pakhomo ngati mtsikana. Aleluya!

Nditafika kunyumba ndinawauza bambo zonse. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati, "Nthawi yonseyi ine ndimayesa mwanditaya. Mukananena, bwenzi madziwo ndikutunga ndine."

Ndi iwowo amene anandiperekeza ku Chikweo. Ndinapempha kuti amayi asonkhane paokha. Ndinakhala pakati pawo, n'kunena chimene chinandiletsa kulowa m'siwa. Zonse, osasiyako. Kenako mwana wamkulu wa malemu anakwawa ndi maondo mpaka pamiyendo panga. "Mayi aang'ono, tikhululukireni." Tinatengana kupita kumanda. Pamtumbira wa achemwali anga ndinalira mokuwa, kulira kumene ndinakusunga miyezi yonse ija. Chitenje chinanyowa. Mayi wina anangovula chake n'kundifunditsa m'chiuno.

Pobwerera, mayi wina wachikulire, mmodzi wa amene ankanditcha mfiti, anandikokera pambali. Anandinong'oneza kuti, "Iwe, kuchipatalako umalowera khomo liti?"

Lero sindinganame kuti ndabwerera kukhala chitsulo. Chifuwa chikandigwira, timadontho timabwerabe nthawi zina. Kamphete kaja ndimapita kukakaonetsa nthawi imene anandiuza. Anati zikadzavuta, opaleshoni iliponso. Makala ndinasiya kusenza. Chinangwa ndimagulitsa nditakhala pansi, beseni amandinyamulira bambo panjinga. Koma ndimagona m'chipinda changa. Kwathu ndimapita, amandilandira.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero langa n'kukana kundipatsa chimene ndinapempha. Ndikuthokoza Abiti Saidi, anamwino aja, ndi mwamuna wanga amene anapirira osadziwa chimene akupirira.

Alongo anga, mawu omaliza ndi anu. Muno muli mayi amene wakhala pabenchi yakumbuyo, pafupi ndi khomo. Sanamwe madzi chidzukireni. Tikaimirira kuti tiimbe, iye amayamba wagwira kumbuyo kwa chitenje. Sindikulozani chala. Mapemphero akatha, ine ndikhala ndikusesa m'chipinda cha Sande sukulu, ndekha. Mungolowa ngati mwabwera kudzandithandiza.

Ambuye akudalitseni. Ameni.